Minsi makumi awiri ya Ailedi

1990

Ana anga, za ubwana wanga ku Katete ndazilumpha dala, chifukwa mulibe china koposa mbuzi ndi sukulu. Moyo wanga wa ntchito unayamba tsiku limene lole inanditsitsa ku Malama, m'chigwa cha Luangwa, ndili ndi sutikesi imodzi, mbaula ndi kalata yonena kuti ndine namwino watsopano wa pa kiliniki ya kumeneko. Anzanga a kukoleji atamva kuti anditumiza ku Malambo, monga amatchulira chigwacho, anandipepesa ngati ndaferedwa. Ine ndinawaseka, koma nditatsika lole ija m'mwezi wa Okutobala, kutentha kutandilandira ndi manja awiri, ndinayamba kuona kuti sanalakwitse kwenikweni. Nsapato zanga zoyera za kukoleji zinatha mwezi umodzi wokha, kenako ndinayamba kuvala patapata ngati wina aliyense.

Pa kiliniki tinalipo awiri. Bwana wanga anali a Chileshe, kilinikala ofisa wochokera kumpoto, amene mudzi wonse unkawatcha a Dokotala ndipo iwo sankakana. Anali munthu wamtali, wa zolembera zitatu m'thumba la malaya, ndipo lamulo lawo linali limodzi: chimene sichinalembedwe sichinachitike. Njovu sankaziopa, ankatha kuyima pakhonde n'kumazikalipira m'Chibemba zikamathyola mango athu. Chimene ankaopa chinali kalata yochokera ku ofesi ku Chipata. Ndinkawaseka kumbali, komabe ndinene chilungamo, ndi iwo anandiphunzitsa kusoka bala, kuzula dzino ndi kusakomoka. Anthu a kumeneko amalankhula Chikunda. Chichewa changa ankachimva bwinobwino, kungoti ankachiseka, nkumanditcha mwana wa kumtunda. Patapita chaka ndinayamba kuwamva ngakhale akamandijeda.

1992

Chaka cha chilala chija ndi chimene chinandidziwitsa anthu a khunyu. Lachinayi loyamba la mwezi linali tsiku lawo. Sankakhala pabenchi pamodzi ndi odwala ena. Anali ndi chipika chawo pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa kiliniki, ndipo palibe anawalamula kukhala kumeneko, ankangodziwa okha. Anthu ankati thovu la munthu wa khunyu likakukhudza nawenso uyamba kugwa, choncho wa khunyu ankadyera mbale yakeyake ndi kumwera chikho chakechake. Ine ndinaphunzira kukoleji kuti zimenezo n'zabodza, ndipo ndinkawauza anthu choncho mokweza mawu. Koma ndikamaliza Lachinayi lija ndinkasamba m'manja kawiri. Ndikulemba zimenezi kuti musamandiyese woyera mtima.

Ntchito yanga kwa iwo inali yachidule. Ndinkafunsa funso limodzi, lakuti mwagwa kangati mwezi uno, n'kulemba nambala pakhadi, n'kuwawerengera mapiritsi a fenobabitoni, amene tinkangowatcha fenoba, n'kuwakulunga m'kapepala. Wotsatira. Bokosi la mankhwala likachedwa, makamaka mitsinje ikadzaza msewu n'kuduka, fenoba ndiye ankayamba kutha. A Chileshe ankabisa pang'ono m'kabati mwawo kusungira ana okomoka ndi malungo, ndipo ine ndinkakangana nawo mpaka mawu kusasa. Tonse awiri tinkanena zoona, vuto linali lakuti chitini chinali chimodzi. Fenoba akatha, patapita masabata awiri tinkayamba kulandira zilonda za moto, chifukwa munthu akagwa ali pafupi ndi mafuwa, anzake ankayamba aima kaye n'kumayang'anana. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ine ndinkakhulupirira kuti khunyu ndiye chakudza chenicheni. Sindinkaona chifukwa chofunsira zambiri.

1994

Ailedi anabwera naye pa njinga mu Novembala, atamukhazika pakaliyala, amayi ake a Belita akuthamanga pambali atamugwira phewa. Anali mtsikana wa zaka ngati makumi awiri, wa pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo dzanja lake lamanzere linali litapsa kuyambira pachigongono mpaka kuzala. Ndinkamudziwa, anali mmodzi wa anthu a pachipika, wosalankhula, woyankha funso langa lija ndi zala. Ndikumutsuka bala sanalire. Amene ankalira anali a Belita, mayi wamfupi wolimba ngati chitsa, amene ankalima yekha munda wa mapira chimwalirire amuna awo. Nditatuluka kukataya madzi ananditsatira, n'kundiuza motsitsa mawu kuti mwana wawo anamukoka pamoto ndi mpini wa khasu.

"Mwana wobala ndekha, a Sista. Manja ndinali nawo, koma ndinatenga mpini."

Anandifunsanso ngati zili zoona kuti wa khunyu akapsa ndi moto ndiye kuti mankhwala sadzamugwiranso, poti kumudzi ankatero. Ndinawauza kuti si zoona, iwo anagwedeza mutu mwaulemu monga amachitira anthu akamakumvera chisoni kuti ndiwe mwana.

Mwana anabadwa mu Januwale, wamkazi, wonenepa bwino, anamutcha Enelesi. Mwamuna wa Ailedi, Lazaro, ankagwira ntchito m'khitchini pa loji ina ya alendo odzaona nyama ku Kakumbi ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, choncho nkhani za pakhomo ankazigamula ndi a Belita ndi alongo awo. Anagamula kuti Ailedi asabereke mwanayo kumbuyo. Aziyamwitsa m'mawa ndi madzulo atakhala pansi, amayi ake ali pomwepo, akamaliza azimupereka. Masana onse mwana ankapita kumunda kumbuyo kwa agogo ake, n'kumamwetsedwa phala la mapira lamadzimadzi. Sindinawaone ngati ankhanza. Anali ataona dzanja lija, ndipo ankaona m'maganizo mwawo mwana ali pakati pa msana ndi mafuwa. Koma tsiku la sikelo linkandiwawa. Azimayi onse ankabwera ana ali kumbuyo, pomwe Ailedi ankabwera pambuyo pa amayi ake atanyamula khadi lokha, ataligwira ndi manja awiri ngati lingathawe. Ndipo mzere wa pakhadi lija, umene umayenera kukwera mwezi ndi mwezi, pofika mwezi wachinayi unagona.

1995, nyengo yozizira

Mu Juni kunabwera mlendo, a Mutinta, mtsikana wophunzira udokotala ku Lusaka, amene anatumizidwa kudzakhala nafe masabata asanu ndi limodzi. Kusukulu kwawo ankafunika kulemba kafukufuku, ndipo iwo anasankha kufunsa anthu a khunyu zimene amamva m'thupi mwawo ndi mmene mitima yawo ilili. Anabwera ndi mapepala ojambulidwa chithunzi cha munthu, chopanda nkhope, choti wodwala aziloza pamene akumva kanthu. Nditachiona ndinawauza m'maso muli gwa kuti ife kuno tikusowa fenoba, iwo atibweretsera chidole. Anaseka, sanakwiye, n'kundipempha kuti ndiziwamasulira, chifukwa Chinyanja chawo cha ku Lusaka ku Malama chinkangothandiza kugula tomato.

Asanayambe kufunsa munthu aliyense, a Mutinta ankanena mawu omwewomwewo: zimene munene pano zitsala m'chipinda muno, dzina lanu sililembedwa, ngakhale abale anu sadzamva. Iwo ankanena m'Chingerezi, ine n'kumasulira. Gwirani pamenepa, ana anga, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Lonjezo lija odwala ankalimva likutuluka pakamwa panga, osati pa mlendo.

Sabata yoyamba yomweyo ndinachita manyazi. Anthu amene ndinawawerengera mapiritsi zaka zitatu anali ndi nkhani zimene sindinazilotepo. Ena ankati iwo samva kanthu, amangodzidzimuka ali pansi. Koma msodzi wina wachikulire anati amayamba kumva fungo la nsanza yopsa pomwe palibe moto. Mayi wina anati chala chake chachikulu chimayamba kuvina chokha. Akafunsidwa za mumtima, ambiri ankayamba ayang'ana kukhomo, kenako n'kumalankhula osafuna kuleka. Paja amati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya lambiri. A Chileshe, atamva zimene ndinkawafotokozera madzulo tikutseka, osatchula maina, anavomera kuti mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma anawonjeza kuti kalumoko sikadzaza chitini cha fenoba.

Ailedi analowa womaliza. Anamva lonjezo, anandiyang'ana ine nthawi yaitali, osati a Mutinta, kenako anaika chala pamimba pa chithunzi chija n'kuchikweza pang'onopang'ono mpaka pakhosi. Anati chimayambira pansi pa mchombo, chofunda, chimakwera, chikafika pakhosi m'kamwa mumamveka dzimbiri ngati wanyambita khasu. Zikatero sadziwanso kanthu. A Mutinta anafunsa kuti chimatenga mphindi zingati kuti chikwere. Ailedi analibe wotchi ndipo sanaigwirepo, koma sanachedwe kuyankha.

"Minsi twente."

Ndinamufunsa kuti akutanthauzanji. Anati tsiku lina chinamuyamba akusinja, ndiye anapitiriza kusinja uku akuwerenga, ndipo munsi unagunda mumtondo kamakumi awiri iye asanagwe. Kuyambira pamenepo chikayamba amawerenga mumtima ngati akusinja, ndipo nthawi zambiri chimakwana pomwepo. Akakhala ndi mpata amanyamuka n'kupita kuseri kwa nkhokwe kukagona pansi yekha, n'chifukwa chake anthu ankamupeza atagwera malo omwewomwewo n'kumati kuseri kwa nkhokweko kuli kanthu.

Ndinaiwala kuti ndine womasulira chabe. Ndinamufunsa mwaukali kuti nanga tsiku la moto lija bwanji sanachoke. Anati tsikulo kunabwera apongozi ake, amayi a Lazaro, ndipo iye anali atagwada pamoto akuwakazingira mtedza. Chinayamba, iye anachimva. Koma kunyamuka pamaso pa apongozi, kusiya mtedza ukupserera, n'kupita kuseri kwa nkhokwe osanena kanthu, anaona kuti n'chipongwe chosaneneka. Ndipo kunena chifukwa chake sakanatha. Anangowerenga, akupemphera kuti mwina lero chibwerera panjira.

Chifukwa chosanenera anatiuza tsiku lina, poti a Mutinta anamuitana katatu. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ankanena poyera kuti chikubwera, ndipo chinkabweradi. Anthu anayamba kunong'ona kuti matenda enieni sauza munthu, amene amauona ukubwera ndiye kuti amauitana yekha, ali ndi chinthu m'mimba chimene amalankhula nacho. Anamutengera kwa sing'anga, anamutema mphini pamimba ponse, ndipo kutchalitchi anamuchotsa m'kwaya. Kuyambira pamenepo anatseka pakamwa. Anthu anati sing'anga wachotsa chinthu chija, kwatsala matenda wamba.

A Mutinta anamufunsa mmene amakhalira tsiku lonse ndi chinsinsi choterocho. Ailedi anati amakhala ngati munthu wolonda njovu m'munda, khutu lili kuthengo nthawi zonse, kungoti thengo lake ndi mimba yake. Njala ikamuluma amayesa ndi chomwecho. Mtima ukagunda poona mwana wake akulira kumbuyo kwa agogo, amayesa ndi chomwecho, n'kuyamba kuwerenga, thukuta lili kamukamu, kenako osagwa. Anati anatopa, ndipo masiku ena ankalakalaka atangogona osadzukanso. A Mutinta sanamupatse mankhwala a zimenezo, analibe. Anangokhala naye pa chithunzi chija, kusiyanitsa chimodzichimodzi: mantha amayambira pati, njala imayambira pati, nanga chinthu chenichenicho chimayambira pati. Ailedi yekha anapeza kuti mantha ake amayambira pachifuwa ndipo sakwera, komanso sabwera ndi dzimbiri m'kamwa. Ulendo wachitatu anatiuza kuti sabata imeneyo anagona tulo. Aka kanali koyamba kuti ndione mano ake.

A Mutinta anapita kumapeto kwa Julayi ndi mapepala awo. Zimene analemba kusukulu kwawo sindinazione, ndipo sindingakunamizeni kuti anapeza zakuti. Ine anandisiyira chithunzi chimodzi chosalembapo ndi katundu amene sindinapemphe, chinsinsi cha Ailedi.

1995, nyengo yotentha

Pa sikelo ya mu Ogasiti mzere wa Enelesi unasiya kugona, unayamba kutsika. Anali atatsegula m'mimba kawiri, tsitsi litayamba kufiira, ndipo mkaka wa amayi ake unali kuchepa chifukwa bere loyamwidwa kawiri patsiku limaiwala ntchito. Ndinawauza a Belita kuti mwanayu akufunika bere usana wonse. Anandiyankha kuti akudziwa, koma mwana woonda amanenepa, pomwe mwana wopsa sabwerera. Ndinalibe chowatsutsa nacho, kupatula chinthu chimodzi chimene ndinalonjeza kusanena. Minsi makumi awiri ndi nthawi yokwanira kumasula chitenje, kupereka mwana kwa munthu ndi kugona pansi. Ndinayesa ndekha kunyumba ndi pilo kumbuyo, ndikuwerenga, ndipo ndinkamaliza pa khumi ndi ziwiri.

Ndinamutengera Ailedi pambali n'kumupempha kuti awauze amayi ake. Anakana. Ndinamupempha kuti andilole ndiwauze ine. Anakananso. Anati zikamveka ayambanso kumunena kuti amaitana yekha, ndipo ulendo uno adzati anadzigwetsera dala pamoto, Lazaro adzamusiya, ndipo ngakhale bere la m'mawa ndi madzulo lija adzamulanda. Anandikumbutsa kuti ndinalonjeza. Sanakweze mawu, anangoti, "Munanena ndinu, a Sista."

Ndinapita kwa a Chileshe, osatchula dzina, ngakhale iwo anadziwa msanga. Anavula magalasi n'kundiuza zinthu ziwiri. Choyamba, chinsinsi cha wodwala si changa choti ndizigawa. Chachiwiri, ngati ndiuza banja kuti mayiyo angathe kubereka mwana, tsiku lina chizindikirocho n'kusabwera, poti sichibwera nthawi zonse, mwana n'kupsa kapena kuphwanyika, mudzi wonse udzati kiliniki ndiyo yapha, ndipo ku Chipata adzafuna dzina la amene ananena. Anati timupatse mwanayo phala la soya likabwera, tilembe pakhadi kuti talangiza, basi. Ndinawapsera mtima, ndinawauza kuti khadi lawolo tidzalikwirira pamodzi ndi mwanayo. Anandiyang'ana mwachisoni n'kuvalanso magalasi awo. Chimene chinkandipweteka n'chakuti pa zonse ziwiri ankanena zoona.

Ndinakhala nazo masabata atatu. Soya sanabwere. Pa sikelo ya mu Seputembala ndinamunyamula Enelesi kuti ndimukoleke pa kabudula wa sikelo, ndipo manja anga anadziwa nambala singano isanaime. Ana otere ndinali nditawaonapo m'chilala chija, ndipo ndinkadziwa kumene njira yawo imathera. Loweruka lotsatira ndinabwereka njinga ya atate anu, amene nthawi imeneyo anali chabe mphunzitsi wondivutitsa ndi makalata, n'kupalasa kupita kumunda kwa a Belita. Ndinasankha kumunda dala, chifukwa ndinkadziwa kuti Ailedi amatsala kumudzi. Musandifunse ngati ndinapemphera kaye. Ndinkaopa kuti ndikapemphera ndibwerera.

Ndinawapeza pamthunzi pa chisakasa chawo cholonderamo, akusosa mapesi, mwana atagona pa chiguduli. Titapatsana mwaswera bwanji ndinawauza zonse: pansi pa mchombo, dzimbiri m'kamwa, minsi makumi awiri, kuseri kwa nkhokwe, mtedza wa apongozi. Ndinali nditakonzeka kukangana nawo za ufiti, mawu ndinali nditawasanja kale panjira. Koma a Belita sanatsutse kanthu. Anakhala pansi pa dothi lotentha, miyendo atatambasula.

"Ndiye kuti sichinasiye," anatero.

Ndinati sichinasiyepo.

"Ndine ndinamutseka pakamwa. Tikuchokera kwa sing'anga ananenanso panjira kuti amama chikubwera. Ndinamumenya pakamwa ndi dzanja ili. Ndinati ukadzanenanso mawu amenewo adzakuwotchera m'nyumba. Sananenenso, ine n'kumati zinatha."

Anayang'ana dzanja lawolo ngati la munthu wina. Kenako anafunsa, osayang'ana ine, ngati tsiku la moto lija mwana wawo ankadziwa. Ndinati ankadziwa, ndipo ankawerenga. Kulira kumene analira mayi uja sindikufuna kukufotokoza. Ine ndinanyamula Enelesi kuti asadzidzimuke, n'kumayang'ana kuthengo.

Atatonthola tinapangana ngati anthu awiri ogula ng'ombe. Ailedi azibereka mwana, koma osati akuphika, osati kumtsinje, ndipo osati ali yekha. Chitenje azimanga mfundo imodzi yapachifuwa yomasuka ndi kukoka kamodzi, osati ziwiri zija amamanga azimayi a kumeneko. Fenoba asadumphe tsiku, ndipo ine ndinalumbira kuti wake sadzatha ngakhale zitatanthauza kuthyola kabati ya a Chileshe. Chikayamba asafotokoze kanthu kwa aliyense, azingoti amama gwirani. Za kumudzi a Belita anati ndiwasiyire, amene adzatsegule pakamwa kunena za kuitana adzayambe waonana ndi iwo. Ndinawauzanso mosabisa kuti tsiku lina chikhoza kubwera osachenjeza. Anati akudziwa, n'chifukwa chake iwo adzakhala pomwepo, ndipo ulendo uno ndi manja.

Lolemba ndinawauza a Chileshe zimene ndinachita. Sanandikalipire. Anatulutsa cholembera chimodzi mwa zitatu zija, anachiyang'ana, n'kuchibweza m'thumba. Anati poti sizinalembedwe, sizinachitike. Madzulo ake ndinapeza kabati yawo ili yosakiya, ndipo sinakiyidwenso mpaka pamene anasamutsidwa.

Ailedi ndiye sanandikhululukire. Lachinayi la mwezi wotsatira anabwera mwana ali kumbuyo, mfundo imodzi pachifuwa, amayi ake ali pambali. Ndinamupatsa moni, iye anayang'ana kumbali. Ndinafunsa kuti wagwa kangati, anaonetsa zala kwa amayi ake, iwo n'kundiuza. Mapiritsi analandira a Belita. Zinakhala choncho mwezi ndi mwezi. Ndinamva kuti kumudzi kunali manong'onong'o ndithu, kuti azakhali ena a Lazaro anasiya kudya pakhomopo, ndipo Lazaro anakhala miyezi iwiri osabwera asanaganize bwino. Zonsezo Ailedi anazilipira yekha, ine ndili pa kiliniki ndi yunifolomu yanga yoyera. Zinkandiwawa, koma sindinkayembekeza kuti andithokoze. Ndinamubera chinthu chokhacho chimene chinali chake.

1996

Linali tsiku la sikelo mu Febuluwale, mvula itakata pang'ono, azimayi atadzaza pansi pa mtengo wa mango pamene tinkapachika sikelo. Enelesi anali atakwanitsa chaka, masaya atabwerera, akukoka ndolo za amayi ake. Ailedi anali wachisanu pamzere. Ndikulemba khadi la mwana wina ndinamva mawu, osakweza, ngati munthu akupempha mchere.

"Amama, gwirani."

Ndinatukula mutu. Dzanja lopsa lija linakoka mfundo kamodzi, a Belita anali atatambasula kale manja, mwana anasamuka msana osadziwa n'komwe. Ailedi anayenda mapazi angapo kuchoka pa mizu ya mtengo, anayala chitenje chomwecho pa mchenga, anagona chammbali n'kuika dzanja pansi pa tsaya. Ndinazindikira kuti milomo yanga ikuwerenga yokha. Kenako chinamugwira. Azimayi ena anakokera ana awo kutali, monga mwa masiku onse. A Belita anandipatsira Enelesi osandifunsa, anagwada, n'kuika manja awo awiri pansi pa mutu wa mwana wawo kuti usagunde pansi. Thovu linawayenderera m'zala ndipo sanasunthe.

Chitamusiya anagona kanthawi. Atatsegula maso, chinthu choyamba dzanja lake linapita kumsana, kukafufuza. Linapeza palibe, nkhope yake inasintha, ndiye ndinagwada msanga kuti amuone mwanayo ali m'manja mwanga akudya khadi lake la sikelo. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana ine, koyamba m'miyezi isanu.

"Munawerenga, a Sista?"

Ndinati eya, ndinawerenga.

"Zingati?"

"Seventini."

Anatseka maso, mawu ali olemera ndi tulo. "Mumafulumira inu. Simunasinjepo mapira. Ndi twente."

Sananene kuti wandikhululukira, tsikulo ngakhale pambuyo pake, ndipo ine sindinamufunse. Mpaka lero, ndikamalangiza ana a anzanga amene akuphunzira unamwino, ndimawauza kuti chinsinsi cha wodwala sachigawa, ndipo ndimanena ndi mtima wonse, ngakhale ndikudziwa zimene ndinachita Loweruka lija. Sindinapeze njira yoti zinthu ziwirizi zigonere mphasa imodzi, ndipo pa msinkhu uno ndasiya kuifunafuna.

Atapeza mphamvu anakhala tsonga, anakutumula mchenga pa chitenje, n'kuwerama. Ine ndinamuika Enelesi pamsana pake. Mfundo anamanga ndi a Belita, imodzi, pachifuwa, n'kuikoka pang'ono kuona ngati ingamasuke. Kenako anabwerera pamzere, pamalo pawo pachisanu, ndipo mayi amene anali atalowapo anawasunthira.